Pikapu Itasiya Kubangula

Nditafika pagalaja paja ndi botolo la tiyi, ndinapeza pikapu itaima pamwamba pa dzenje, kunsi kwake kukuthetheka moto wabuluu. A Magalasi, wowotcherera wa pamalopo, anali m'dzenjemo mpaka m'khosi. Dzinali anawapatsa chifukwa magalasi akuda a ntchito yawo sankachoka pamphumi, ena ankati amagona nawo. Amuna anga anali atanjuta pambali, akuloza uku ndi uku ngati ntchitoyo akuidziwa ndi iwo.

Ekizozi yakale, paipi yotulutsa utsi ija, anali ataiponya pakhoma, yadzimbiri, yobooka ngati sefa. Ndinaiyang'ana mtima ukuwawa, chifukwa chitsulo chimenecho n'chomwe chinkandisungira mwana.

Pondikwatira, amuna anga anandipeza ndi mwana wamkazi, chisamba changa, amene bambo ake anamwalira iye akukwawa. Pachibwenzi ankamugulira maswiti. Titangolowa m'banja nyimbo inasintha. Anati iwo saweta mbuzi ya eni, mwanayo akakhale kwa mchemwali wanga, ndipo tsiku limene adzamupeze pakhomo pawo ndidzachoka ndi nsalu yokhayo ndavala, kamnyamata komwe ndinawaberekera n'kukasiya. Ndinakalira kwa mchemwali wanga, iye n'kungoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mwanayo anamutenga.

Koma pikapu ija inali ndi pakamwa. Ikangokhota pasitolo ya matayala, kutali ndithu, mawindo athu ankayamba kunjenjemera. Ndiye mwana wanga akaweruka kusukulu ankadzera kwathu. Ankamwa tiyi, kubereka mlongo wake, kundisimbira za aphunzitsi ake a masamu omwe ankagona m'kalasi. Tikamva kubangula, ine kapu m'madzi, iye chikwama kumsana, ulendo wa pakageti ka kuseri. Tinazolowera mpaka tinkachita tikuseka.

Ndiye amuna anga atanena kuti akukaikitsa mapaipi awiri, tulo tinandithawa poopa kuti phokoso lija litha. Tiyi uja chinali chonamizira chabe, ndinkafuna ndikaone ndi maso anga. Ndinakhala pakatoni ina yaitali yomwe inali pamthunzi, n'kumaonerera.

A Magalasi anali atadula paipi yakale pafupi ndi injini n'kuwotchererapo chitsulo champhanda. Kuchokera pamphandapo, mapaipi awiri ankalowera chakumbuyo, ina kumanja ina kumanzere. Ya kumanzere inawavuta chifukwa inkadutsa pafupi ndi thanki ya mafuta. Anaitulutsa, kuitenthetsa mpaka kufiira, kuipinda, kuiyeza, kutukwana, kuipindanso. Amuna anga anati kumapeto kwake akufuna zitsulo zonyezimira zoti munthu n'kumetera ndevu. A Magalasi anati zimenezo n'zamawa, lero aone kaye ngati zolumikiza zagwira.

"Lizani, bwana," anatero ali m'dzenje.

Injini italira, malata a galaja anachita ngati asasuka. Agalu a m'mbali mwa msewu anathawa. A Magalasi ankayendetsa chikhatho m'mphepete mwa zolumikiza kuti amve ngati utsi ukutulukira pena, kenako n'kutseka kukamwa kwa paipi ndi chisanza n'kumvetseranso. Phokosolo linaposa lakale kutali. Ine mtima unakhala m'malo, mpaka ndinaseka ndekha. Amuna anga anazimitsa injini n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaimva, mayi? Yakusangalatsani?"

Ndinati yandisangalatsa kwambiri, ndipo sindinkanama. Anagwedeza mutu n'kundiuza kuti ndizipita, galimoto igona pomwepo. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Palibe anandiuza kuti owotcherera amayesa zolumikiza mapaipi ali pululu, masailensa ochepetsa phokoso asanalowe. Palibenso anandiuza kuti katoni ndinakhalira ija munali masailensa awiri atsopano, aakulu, amene amuna anga anachita kuitanitsa.

Mawa lake masana mwana wanga anabwera tsitsi lili nyankhalala. Kusukulu kwawo ankati adzajambula chithunzi cha kalasi tsiku lotsatira, ndipo mchemwali wanga kuluka sadziwa, amangomanga ngati mtolo wa nkhuni. Ndinamukhazika pamkeka pakhonde la kuseri, pakati pa miyendo yanga. Ndinamudulira buledi, kumuthirira tiyi, n'kuyamba kugawa mizere ndi chipeso. Mlongo wake ankamukoka lamba wa nsapato. Ndinamuuza kuti asade nkhawa, galimoto tsopano ikumveka ngakhale uli kumanda, ndipo anaseka mpaka tiyi kumutsamwa.

Ndinali nditamaliza mbali ya kumanja pamene ndinamva fungo la penti yopsa. Geti sanaliguguze. Pikapu inali italowa kale pabwalo, injini ikungopuma pansipansi ngati firiji. Amuna anga anaima pakona ya nyumba, makiyi ali pachala. Sanakalipe. Nkhope yawo inali ya munthu amene msampha wake wagwira.

"Chakudza sichiimba ng'oma," anatero. "Mumayesa sindiwerenga makapu pathandala?"

Anabwera n'kunyamula kamnyamata kaja, kukakhazika pamkono, n'kutola buledi wa m'mbale ya mwana wanga n'kuyamba kudya. Anatafuna mosafulumira. Kenako anandifunsa mwaulemu, ngati tili ndi alendo, kuti mtsikana ameneyu ndi ndani. Anati ndiganize bwino ndisanayankhe, chifukwa akakhala wanga, chitseko ndikuchidziwa, ndipo ndiyambiretu kutsanzikana ndi ali pamkonoyu.

Ndinayang'ana khanda, ndinayang'ana mutu unali pakati pa mawondo anga. Tsitsi lake linali lidakali m'zala zanga. Munthu uja ndinadana naye tsiku limenelo chidani chimene sichinatheretu mpaka lero, koma kudana sikuyankha funso, ndipo iye ankangodikira, akupukuta nyenyeswa pakamwa pa mwana wake.

Anayankha ndi mwana wanga. Anachotsa mutu wake m'manja mwanga pang'onopang'ono, n'kugwada monga amagwadira mwana kwa eni.

"Ndine wa kuseri uko, bambo. Ndinangobwera kudzalukitsa."

"Ndiye mayi awa ndi ndani wako?"

"Palibe, bambo."

Amuna anga anaseka, nati mwana ameneyu ali ndi nzeru kuposa anthu ena akuluakulu. Anamuuza kuti pano si pa saluni, asadzaonekenso. Mwanayo anavomera. Anatola chikwama, kuvala nsapato, kukutumula nyenyeswa payunifolomu. Pondiyang'ana, maso ake anali ouma.

"Zikomo, anti. Tsalani bwino."

Analowera cha kukageti ka kuseri monga mwa masiku onse, koma amuna anga anamubweza. Anati alendo amatulukira kumaso. Anadutsa pambali pa pikapu, pafupi ndi zitsulo ziwiri zonyezimira zija zidakatentha, n'kutuluka pageti lalikulu. Ndinamuona akutsika msewu osacheuka, mbali imodzi ya mutu ili mizere yosalala, inayo itaimirira, chipeso changa chidakali chozikika pakati.