Mlendo wa Faifi Koloko

Kamera ija Mwamadi anaimangirira yekha pansi pa denga la khonde, chaka chimene akuba anamubera makina osokera kunyumba kwake ku Biwi. Inkayang'ana geti ndi kabwalo kadothi, ndipo ikaona chinthu chikuyenda inkaliza foni ya mkazi wake Hanifa, popeza ndiye ankakhala pakhomo. Vuto lake linali lakuti inkaona chilichonse. Nkhuku ya aneba ikalumpha mpanda, foni inkalira. Chitenje chikagwedezeka pachingwe, foni inkalira. Mapeto ake Hanifa anazolowera kungoisiya patebulo ngati mwana wolira popanda chifukwa.

Tsiku limene Mwamadi anagwa inaliranso. Hanifa anali kuseri akuchapa. Anaimva bwinobwino, koma anapitiriza kutsukuluza. Atabwera kudzayanika anapeza mwamuna wake atagona chafufumimba m'kati mwa geti, chisoti chili potero. Kuchipatala anati kunali kuthamanga kwa magazi. Palibe amene anafunsa kuti anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji, koma Hanifa ankadziwa, chifukwa foni inasunga nthawi. Zinali mphindi makumi anayi.

Tsopano anali mu edda, miyezi inayi ndi masiku khumi amene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda, osaonana ndi amuna achilendo. Foni sankasiyana nayo. Ikangolira ankasiya chimene ali nacho m'manja, kaya ndi mpeni kaya ndi tasibihi, mikanda yake yopempherera, n'kuyang'ana. Nkhuku. Mphaka. Pepala louluka.

Koma kulira kwa faifi koloko kunali kwina. Pa kanema wake geti linkaoneka lotseka, bwalo lopanda munthu. Kenako chinthu choyera, chachitali ngati munthu wovala mkanjo, chinkachoka pageti, n'kumayenda pang'onopang'ono molunjika kukhomo, chikuimaima ngati watopa, mpaka kuzimirira pa sitepe. Tsiku lililonse zinkatero, kupatula masiku a mitambo. Ndipo faifi koloko inali nthawi imene Mwamadi ankafika kuchokera kosoka.

Hanifa sanauze munthu. Mumtima mwake anali atamaliza kale mlandu: mwamunayo ankabwera kudzatsiriza ulendo umene unathera pageti, ndipo tsiku lina adzakwera sitepe ija n'kumufunsa chifukwa chimene sanatulukire. Dzuwa likangopendeka ankakhala pamkeka, foni ili pamwendo, msana atalozetsa kuzenera. Chakudya chamadzulo chinkazizira m'mbale.

Loweruka lina kunabwera Rahima, mwana wake wokwatiwa ku Area 23. Anaona mmene khosi la amayi ake linaondera, anamvanso foni ikulira kasanu ndi kawiri tiyi asanathe m'kapu. Anati zimenezo n'zodwalitsa, ndipo madzulo omwewo anaitana Jeremiah, bambo wa kwawo amene ankagwira ntchito yoika makamera m'nyumba za anthu.

Jeremiah anauzidwa za edda, choncho sanalowe. Anakhala pakhonde, katani ya pakhomo ili pakati pa iye ndi Hanifa, foni ikudutsira m'manja mwa Rahima.

"Mayi, kamera yanuyi ndi yamantha," anatero. "Ikufanana ndi kagalu kouwa tsamba lililonse."

Anakwera pandowa n'kupukuta ukonde wa kangaude umene unali pagalasi. Anaiweramitsa pang'ono kuti isamaone msewu kudzera pamwamba pa mpanda. Kenako pafoni anajambula malire ndi chala, chingwe cha zovala n'kuchisiya kunja, ndipo anafotokozera Rahima kuti wachepetsako mphamvu yake kuti nkhuku izidutsa mwamtendere. Anali akutolera zida zake pamene mawu anamveka kuseri kwa katani.

"Nanga wa faifi koloko?"

Rahima sanamvetse kuti amayi ake akunena chiyani. Hanifa anatulutsa dzanja, natenga foni, napeza kanema wadzulo, n'kuibweza. Jeremiah anayamba kuonera akumwetulira. Chinthu choyera chija chitafika pakati pa bwalo anasiya kumwetulira, n'kuoneranso kachiwiri. Rahima ananong'oneza dzina la Mulungu. Jeremiah anayang'ana wotchi yake, nati kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri, adikira.

Anadikira atatuwo. Mumsewu munkadutsa akabaza ndi ana ochokera ku madrasa. Kenako tsidya la msewu kunamveka kukwekwereza kwa chitsulo pa simenti, ndipo foni inalira m'manja mwa Rahima.

Jeremiah anaimirira, nayang'ana pamwamba pa mpanda. Tsidya lija kunali shedi ya Kasimu wowotcherera zitsulo, ndipo Kasimuyo ankakoka chitseko chake chachikulu cha malata, kutseka. Dzuwa lamadzulo linkamenya malatawo, kuwala n'kudumpha mpanda, n'kumayenda pabwalo la Hanifa mmene chitseko chinkayendera. Jeremiah anamukuwira kuti atsekulenso. Chinthu choyera chija chinabwerera chambuyo mpaka pageti. Rahima anaseka kuseka kwa munthu amene wangotsala pang'ono kulira.

Kasimu anawoloka msewu, naima kunja kwa geti akupukuta manja. Anapereka moni kwa mayi wamasiye mokweza mawu, maso ali pansi. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu. Anati chitseko chija chinaduka hinji yam'munsi kalekale, ndipo wowotcherera sakonza zake. Masiku onse Mwamadi pobwera kuntchito ankayamba waima pashedipo, awiriwo n'kunyamula chitsekocho, kutseka kamodzi n'kamodzi. Tsopano ankachikoka yekha, akupumira m'njira.

"N'chifukwa chake chikuyenda ngati nkhalamba," anatero Kasimu, koma sanaseke.

Jeremiah anabwerera pakatani. Anati chatsala n'chimodzi: angathe kuiuza kamera kuti izilira pokhapokha yaona munthu, mutu ndi mapewa, osati kuwala kapena mthunzi. Anafunsa ngati atero.

Rahima analowa m'nyumba, napeza amayi ake atakhala pansi, manja ali pamaondo.

"Tsiku lija inalira," anatero Hanifa motsitsa. "Ndinaimva, Rahima. Ndinati ndi nkhuku. Abambo ako anagona pageti paja mphindi makumi anayi, ine ndikutsukuluza malaya awo."

Rahima anakhala pansi pafupi, nagwira phazi la amayi ake, monga ankachitira ali mwana. Patapita nthawi anafunsa kuti tsiku limenelo foni inali italira kangati Mwamadi asanagwe. Hanifa ankadziwa, poti anawerengapo kambirimbiri: kakhumi ndi kasanu ndi kanayi. Rahima anabwereza nambalayo pang'onopang'ono, osawonjezera kanthu. Kunja Jeremiah ankatsekula ndi kutseka chikwama chake mwaphokoso, kuti asaoneke ngati akumva.

Hanifa anayang'ana foni imene inali pamkeka. Akanatha kunena kuti aisiye momwemo. Kwa milungu isanu ndi umodzi kulira kwa faifi koloko kunali kumuopseza, komabe kunali kokhako kumene kunkamuuza kuti wina wafika pageti. Anainyamula, naipatsa Rahima.

"Auze akonze. Ikalira, azikhala munthu."

Mawa lake foni inalira kawiri kokha: wogulitsa makala m'mawa, ndi mlamu wake Karima masana. Dzuwa litapendeka Hanifa sanakhale pamkeka. Anatsekula chitseko, nakankhira katani pambali, naima pakhomo. Tsidya lija chitsulo chinayamba kukwekwereza pa simenti. Foni inali chete patebulo. Kuwala kunatsika pageti, kunadutsa pamalo paja anagwera Mwamadi, kunaima pang'ono pakati pa bwalo pamene Kasimu ankapuma, kenako kunapitirira. Kutafika pa sitepe, Hanifa anasendera pambali, kupereka njira.