Ngalande Amayambira Kumunsi

Madzi atalowa m'nyumba mwathu kachitatu chaka chimenecho, amuna anga sanakalipe. Anangoima pakati pa balaza, madzi akulekeza m'akakolo, nsapato zawo zakuntchito zikuyandama kulowera kukhitchini ngati zikukafuna tiyi.

"Mayi a mwana, akangolowanso kamodzi, tikusamuka," anatero. "Ine ndatopa kugona m'dziwe."

Nyumba yathu ndi yomaliza mumsewu wathu, kumunsi kwenikweni, pomwe ngalande imalowa m'chipaipi chachikulu chodutsa pansi pa msewu wa galimoto. Ine ndine telala. Makina anga ali pawindo, ndipo ndasoka pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, maso ali kumsewu. Ndimadziwa chiuno cha aliyense wa m'dera lino, ngakhale amene amalumbira kuti anaonda. Kusamuka kunali kundisiyanitsa ndi makasitomala, anzanga ndi windo langa, ndipo ndinkangoti ndikaganiza, misozi lengelenge.

Vuto langa ndi loti ndimalota ndili maso. Phazi likamapalasa makina, mtima umapita kwina. Ndimaona msewu wathu momwe unalili titangofika kumene: ngalande yoyera mbee, madzi akutsika mwaulemu atanyamula mitambo ndi thambo lonse, ana akuthamanga m'mbali kuperekeza timabwato tawo tapepala. Ndimamva fungo la fumbi lonyowa, osati la zowola. Tsiku lina ndinalota mpaka ndinasokera thumba la thalauza kubondo.

Ndinaganiza kuti maloto okha sachotsa zinyalala. Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha kuti Loweruka tikonze ngalande. Anthu anavomera msanga, mpaka ndinadabwa.

Loweruka litakwana, aliyense anatuluka ndi fosholo kapena khasu n'kuyamba pakhomo pake. Ndi momwe tinazolowerera: tsache la m'mawa limalekeza pomwe mpanda wako walekeza. Akumtunda ndi ambiri, ndipo pofika teni koloko kwawo kunali kukuwala. Kumunsi kunali ine ndi amuna anga basi, tikukandakanda pakamwa pa chipaipi chodzaza mchenga, matayala ndi masaka. Manja atatupa tinasiya, n'kumati zotsalazo madzi akankha okha.

Masana mvula inagwa. Kale madzi ankachedwa m'njira, kuima apa ndi apo pa milu ya zinyalala. Tsiku limenelo anapeza njira yosesedwa bwino, ndipo anatsika ndi liwiro, atanyamula milu yonse yomwe anthu anaunjika m'mbali mwa ngalande. Atafika pachipaipi anapeza potseka, n'kukhotera kwathu. Analekeza m'mawondo.

M'mawa mwake amuna anga anabwera ndi makatoni asanu ndi limodzi.

"Mnzanga wakuntchito akuti kwawo kuli nyumba," anatero osandiyang'ana. "Mwezi ukatha tizipita."

Ine ndemwe ndinaitana anthu, ndiye madziwo kunali ngati ndawaitananso ndine.

Lolemba kunabwera a Mapaipi. Ndi bambo wachikulire wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene anapuma pantchito yokonza mapaipi a madzi, ndipo dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Loweruka lija anali kwa mwana wawo. Anayenda ngalande yonse ndi kachitsulo kawo, akugogoda apa, kusuzumira apo, kenako anakhala pakhonde pathu.

"Mayi Telala, munayambira kuti?"

"Paliponse. Aliyense pakhomo pake."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye munawatsegulira geti madziwo, koma khomo lotulukira munalisiya lokhoma. Sinki yanu ikatsekeka, mumapukuta mpopi?"

"Ayi, ndimatsegula kunsi."

"Basitu. Ngalande amayambira kumunsi, komwe madzi amatulukira, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndipo zomwe mwachotsa musamaunjike m'mbali, mvula imazibweza. Ntchito imeneyi si ya anthu awiri. Pafunika msewu wonse pamalo amodzi."

"Akumtunda angabwere? Kwawo kwayera kale."

Anayang'ana mulu wa zinthu zomwe ndinakokolola m'nyumba. "Ameneyu ndi katundu wa eni ake. Ayitaneni adzatenge."

Ndinatsuka zinthuzo n'kuziyanika pachingwe cha zovala, moyang'ana kumsewu. Panali timapepala ta shuga ta pagolosale, chipeso chothyoka cha ometa tsitsi, silipasi imodzi, lamba wa yunifolomu amene ndinasoka ndekha, ndi wigi yakuda yopotanapotana. Mphepo ikawomba zinkavina pang'onopang'ono padzuwa, ndipo kunena zoona zinkakongola. Ndinatumiza uthenga woti amene anataya kanthu adzaone kwa telala.

Madzulo anthu anadzaza pakhomo. Woyamba kukuwa anali Mayi a Pagolosale, a nyumba yoyamba kumtunda, amene mawu awo safuna chimkuzamawu.

"Wigi yanga! Inafika bwanji kuno?"

"Inabwera yokha, mayi," anatero ometa tsitsi. "Inamva kuti kuno amasoka zong'ambika."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Koma chitseko chathu chinali chotsegula, ndipo mmodzimmodzi anayamba kuona mzere wa matope pakhoma, matiresi atatsamira pawindo, ndi makatoni omangamanga pakona. Kuseka kunazirala.

"Makatoniwa ndi a chiyani?" anafunsa Mayi a Pagolosale.

"Tikusamuka mwezi ukatha," ndinatero.

Anatembenuzatembenuza wigi ija m'manja mwawo. "Amwali, ine ndikataya kanthu m'ngalande ndimati kapita. Kani kamapita kwa inu? Zaka zonsezi osanena?"

"Ndinkaopa kudana ndi anthu."

"Ndiye mwasankha kutithawa? Zovala zathu azisoka ndani? Loweruka tonse kuno, ndipo amene sabwera ndikamudzutsa ndekha."

A Mapaipi anapita ku ofesi ya zaumoyo kukafotokoza. Anabwerako ndi magolovesi, mawilibala awiri obwereka, ndi tsiku loti lole ya zinyalala idzabwere. Loweruka anthu oposa makumi atatu anatsikira kumunsi, kudutsa makomo awo oyera osaima. Tinayambira kutsidya kwa msewu wa galimoto, komwe chipaipi chimalavulira madzi. Ena ankakumba, ena kukoka ndi zingwe, ena kuthamangitsa mawilibala kupita ku lole. Tinatulutsa matayala asanu ndi anayi ndi chitseko cha firiji. Cha m'ma thwelofu, ometa tsitsi anagwada n'kusuzumira m'chipaipi.

"Ndikuona kuwala!" anakuwa. "Mayi a Pagolosale, ndikukuonani miyendo!"

"Uone kuwala kokhako, mwana wopanda mwambo iwe!"

Amuna anga anagwira nawo ntchito tsiku lonse, koma makatoni sanamasule. Anati ayambe aona mvula.

Tinakwera ndi ngalande ma Loweruka atatu, nyumba ndi nyumba, tonse pamodzi, mpaka tinafika pagolosale. Panjira tinadziwana. Ndinapeza kuti mtsikana wa nyumba ya geti yobiriwira, amene ndinkamuyesa wonyada, ndi wamanyazi chabe, ndipo amaimba bwino akagwira fosholo. Tinaika migolo iwiri ya zinyalala, wina pakati wina kumtunda. A Mapaipi anamanga sefa ya waya pakamwa pa chipaipi. Tinagwirizana kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse tizikumana kumunsi, ndipo mvula ikagwa, mabanja awiriawiri azisinthana kuchotsa zokodwa pasefa.

Mvula yaikulu inabwera Lachinayi masana, kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Ndinaimitsa makina, mtima uli m'mwamba. Madzi anatsika kuchokera kumtunda, odzaza ngalande mpaka m'milomo. Anafika pakhomo pathu, anazungulira kamodzi pasefa, n'kulowa m'chipaipi ndi kaphokoso kofewa, kokhala ngati munthu akung'ung'udza nyimbo kubafa. Ndinatuluka opanda ambulera. Msewu wonse unali utaima m'makonde, kuyang'ana kumunsi, ndipo wina kumtunda anayamba kuwomba m'manja. Ndinadzitsina pamkono kuti ndidziwe ngati ndayambanso zanga zija. Ndinamva kuwawa, ndipo khonde langa linali louma.

Amuna anga anafika mvula itakata, atanyowa, atanyamula kambande ka mtengo m'kachubu kakuda. Anayang'ana pakhonde, anasuzumira m'nyumba, kenako anapempha khasu.

"Kamtengo kameneka kadzayamba liti kupereka mthunzi?" ndinafunsa.

"Akuti zaka zisanu."

"Zisanu? Nanga nyumba ya mnzanu ija?"

"Mayi a mwana, gwirani apa kaime mowongoka," anatero akukwirira dothi. "Mukufuna ndidzakhale pamthunzi wopendama?"

Ndinagwira kamtengoko ndi manja awiri, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Inu amene mukuwerenga, zomwe tinaphunzira ndi izi. Chomwe mwataya m'ngalande sichisowa, chimakafika m'nyumba mwa mnzanu. Kusesa pakhomo panu pokha sikukonza dera. Mukafuna kukonza msewu wanu, sonkhanani nonse, funsani odziwa ntchitoyo, ndipo muyambire kwa amene akuvutika kwambiri, ngakhale nyumba yake ili kutali ndi yanu.