Kitam wosambitsidwa ndi sopo

Akitam anga asanu aakazi, tinguluwe tathu ta m'thengo ta mzera woyera m'khosi tija, anatha zaka ziwiri osaswa. Wamphongo wawo anali atakalamba, yake inali kudya mapapaya n'kugona. Mu Meyi apongozi anga aamuna, a Eulogio Canché, eni malo amene ndinamangapo khola, anandiitana.

"Nicolasa, ine sindiweta masisitere. Likafika phwando la mizimu mu Novembala popanda kamwana, onsewa tikawawotcha m'dzenje lophikira nyama."

Bere la kitam limatenga pafupifupi miyezi isanu. Ndinabwereka wamphongo wina ku tauni ya Tekax msangamsanga, alamu anga a Fermín n'kukamutenga. Anafika naye akununkhira maluwa.

"Mwamutani, alamu?"

"Ndamusambitsa ndi sopo. Mkwati akalowe m'nyumba akununkha ngati sokosi za msilikali?"

A Fermín amaweta nkhumba, nzeru zawo zimathera pomwepo. Kitam amadziwa mnzake ndi mphuno. Pamsana ali ndi kachotupa kotuluka mafuta onunkha, ndipo a khola limodzi amapakana fungolo, wina mutu pambuyo pa mnzake. Ndisanamalize kukalipa, alamu anatsegula chitseko cha khola n'kumulowetsa. Aakazi aja anagogoda mano, n'kumung'amba mkwatiyo khutu. Ndinapsa mtima mpaka kulira.

Ndinamupatula ndi waya. Ndinamangirira thumba pa mtengo umene aakazi amadzikhulapo, litada ndi mafuta n'kukamuyalira iye, lake n'kuwapatsa iwo. Milungu itatu ndikusinthanitsa matumba. Fungo linandilowa mpaka m'tsitsi, moti kutchalitchi benchi lonse linali langa ndekha.

Nditachotsa waya, wamkazi wamkulu, Prudencia, anamununkhiza, kenako anamukhula pamsana ndi tsaya. Pasanathe sabata anali atakweredwa.

Kumapeto kwa Okutobala amuna anakumba dzenje, apongozi akunola mpeni poti ndiziwaona. Tsiku loyatsa moto ndinapita kukhola m'mawa. Pansi pa Prudencia panali tiana tiwiri tofiirira, tikuyamwa. Aakazi ena atatu mimba zinali zitatsika.

Sindinathamange. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati bishopu.

"Bambo, bwerani mudzaone masisitere anu."

Anayang'ana nthawi yaitali, n'kubweza mpeni m'chimake.

"Fermín, gwira nkhuku zako zinayi, tiwotche zimenezo m'dzenjemo. Ndipo kukhola kuno usamayandikire ndi sopo wakoyo."

Lamlungu ndinakhala pa benchi langa lija, fungo lisanandichoke. Apongozi analowa, anadutsa mabenchi onse a amuna anzawo, n'kudzakhala pambali panga.