Makutu a Bambo Nowa

Mpingo wina kufupi ndi Kabudula unali ndi kamera imodzi ndi matepi atatu, ndipo zonsezi zinkasamalidwa ngati mazira. Matepi omwewo ndiwo ankajambula maukwati, makwaya ndi ubatizo. Chatsopano chikalowa, chakale chinkafufutika, popanda wodandaula.

Chaka cha 2009 akulu ampingo analengeza mpikisano wa mafilimu pakati pa milaga itatu. Filimu yopambana ikaikidwa pa chimbale ku Lilongwe kuti isungike, koma zolephera zidzafufutidwa matepi akabwezedwa.

Monica, mphunzitsi wa sitandade sikisi, ndiye anakonza ya mlaga wawo: nkhani ya munthu wobadwa nkhalamba, amene zaka zikamapita amabwerera ku ubwana. Za anthu osewera sanavutike nazo, poti banja lawo lonse linali ndi makutu amodzimodzi, otambalala ngati masamba a fodya wa bale. Nkhalamba anali a Nowa, bambo ake a Monica, wachikulire anali mchimwene wake Samson, kenako mwana wa Samson, mpaka kakhanda ka Monica yemwe. Pokhala analibe kompyuta yodulira zithunzi, ankajambula motsatana mmene nkhani ikuyendera. Choncho a Nowa ndiwo anayamba: akutuluka m'chigafa, akuseka ndi mano awo atatu, akufunsa ngati chinthucho chayamba kujambula. Patapita milungu isanu chibayo chinawatenga.

Kunyumba kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. N'chifukwa chake mkazi wawo, mayi Dyness, anafika m'tchalitchi tsiku la mpikisano dzuwa lisanatenthe, n'kukhala benchi ya kutsogolo. Za mphotho analibe nazo ntchito. Iwo ankafuna chimbale basi.

Mafilimu awiri oyamba anali a chidakwa chimene chinalapa. Inde, onse awiri. Cha mlaga woyamba chinalapa chitagwera m'dzenje, chinacho chitalumidwa ndi galu. Kenako jenereta inatsokomola, wailesi ya kanema inayera, ndipo a Nowa anatuluka m'chigafa. Mayi Dyness anagwira pakamwa. Mtima unawawa, komanso unakoma, zonse nthawi imodzi. Anaona mwamuna wawo akuwongoka msana, imvi zikutha, akuthamangira mpira, mpaka kugona pamphasa ali khanda. Amayi a chigwirizano ena ankapukuta misozi ndi ngodya za zitenje.

Wapampando wa oweruza anali a Filipo, mkulu wampingo amene anakalambira kusankha fodya pa esiteti. Munthuyu chilichonse ankachiona ngati tsamba: kuchitembenuza, kuchinunkhiza, n'kuchipezera banga.

"Zithunzi zaoneka bwino," anatero a Filipo. "Koma phunziro lili pati? Munthu wokana kukalamba kwathu kuno timati ngokhwima. Tipereke mphotho ya mpingo kwa mfiti, eti?"

"Ndi nthano chabe, abambo," anayankha Monica. "Ikufunsa kuti moyo ukanayenda chobwerera, kodi tikanausamala bwino?"

"Mafunso ndi a kusukulu, aphunzitsi. Kuno timafuna mayankho."

Oweruza enawo anagwedeza mitu, monga amachitira anthu amene njala yayamba kuwapweteka. Mmodzi anati nkhalambayo sinapemphere n'kamodzi komwe. Wina anati galu wa m'filimu yachiwiri anasewera bwino kwambiri. Mayi Dyness ankangofinya mpango m'manja. Zaka makumi anayi ndi zisanu a Nowa akuimba belu la tchalitchi lomweli, lero akupikisana ndi galu!

A Filipo analamula kuti tepi ibwezedwe m'mbuyo, aonenso poyambira. Monica anadina batani mwaukali chithunzi chili chionekere. Zonse zinayamba kuthamanga chobwerera. Khanda linakula, mnyamata anamera ndevu, msana unapindika, imvi zinabwera. Pomaliza a Nowa anayenda chafutambuyo, n'kulowa mumdima wa m'chigafa.

"Ehe!" a Filipo anaomba m'manja. "Mukanaikonza chonchi bwenzi mutapambana. Kubadwa, kukula, kukalamba, kupita. Phunziro ndi limeneli."

Mayi Dyness anaimirira, mawondo akulira.

"A Filipo, imeneyo ndinaionera kale ine. Ndinali patsogolo penipeni, ndipo sindinaikonde. Mwanayu wandikonzera ina yoti bambo ake azichira m'malo momwalira, inu mukuti ufiti?"

A Filipo anayang'ana pepala lawo.

"Pepani mayi, chisoni chanu tikuchimva. Koma malamulo a mpikisano akuti filimu ikhale ndi phunziro."

Chidakwa cha galu chinapambana.

Mayi Dyness anapempha kuti awasiyire tepiyo. Akulu ampingo anawauza kuti katundu wa mpingo amakambidwa ndi komiti, ndipo komiti ikumana mwezi wamawa. Koma ukwati woti ujambulidwe pa tepiyo unali Loweruka la sabata yomweyo. Anapita kwa mlembi, mlembi anawatumiza kwa msungichuma, msungichuma anali kumaliro ku Nsaru. Anabwerera kunyumba mapazi atatupa, akuyankhula okha m'njira.

Lamlungu masana, mapemphero atatha, eni ukwati anasonkhana kuti aonere tepi yawo. Mayi Dyness anakhala kumbuyo. Pamene pankatuluka a Nowa m'chigafa panali mkwatibwi akutsika m'galimoto. Pamene ankaseka panali kwaya. Analipirira zonsezo, nsagwada zili gwa.

Koma batire ya kamera inali itathera pakati pa ulaliki. Chithunzi chinaphethira, abusa anazimiririka, ndipo panatulukira mphasa, pali kakhanda kakuponya timiyendo, makutu ali tambalale.

"Zotsalira izi, thimitsani," anatero wina.

"Musakhudze!" anakuwa mayi Dyness, akudutsa pakati pa mabenchi. "Ndi amuna anga amenewo."