Dzungu Kumsana

Mitengo itayamba kuphukira, ndinaganiza zopita ndi Tadala, mwana wanga wa zaka ziwiri, kukakwera phiri la Dedza. Ndinawerenga za njira, za mphepo, ngakhale za njoka. Mlamu wanga Eneless, mng'ono wa malemu mkazi wanga, anandimvetsera ali chiimire pakhonde pathu ku Kawale.

"Alamu, nanga akakatopa? Mumatha kubereka mwana kumsana inu?"

Ndinatseka buku limene ndinkawerenga, iye n'kupitiriza.

"Mukalephera, mwanayu ndipita naye kumudzi. Mwana amafuna msana, osati mabuku."

Ndinatulutsa chitenje m'sutikesi ya malemu, imene ndinali ndisanatsegulepo chimwalirireni. Ndinayamba kuphunzirira kubereka ndi dzungu. Linaterereka n'kusweka, amayi a pampopi akuseka mpaka ndowa kusefukira.

"Weramani, bambo a Tadala! Simukumanga tayi apa!" anakuwa mmodzi wa amayiwo.

Ndinawerama. Tadala anakwera yekha monga ankachitira kale kwa amayi ake, n'kukwirira nkhope m'chitenjecho. Ndinamanga mfundo zonse ziwiri.

Eneless anazikoka, kenaka anayang'ana kumbali.

"Yapansiyi yalimba. Yapamwambayi ikuoneka kuti wamanga ndi mwamuna," anatero. "Mukamuveke juzi. Ku Dedza kumazizira."