Girisi pa Njanji

"Kodi chitsulo chimadziwa kuti chagulitsidwa?" anafunsa Che Uladi.

Simioni, wodula zitsulo, ankatsitsa mabotolo a gasi m'lole, ndipo Asiatu, mwana wa Che Uladi, ankatsegula zithunzi pafoni.

Njanji imene Asiatu anakula akuidziwa sinanyamulepo sitima ya pamtunda. Inali mizere iwiri yotsetsereka kuchokera m'shedi kulowa mu Shire, yokokerapo maboti akuluakulu kuti akonzedwe kumtunda. Bambo ake anagwira ntchito pamenepo zaka makumi atatu. Kampani itatseka, anthu onse anabalalika, koma iwo Lolemba lililonse ankabwerabe ndi chitini cha girisi n'kupaka njanjiyo mpaka pamene yamira. Tsopano mwini malo anali atagulitsa zitsulo zonse. Kwa mlungu wathunthu Simioni anapempha Che Uladi kuti amusonyeze mamasulidwe a mabawuti a pansi pa madzi, iwo n'kumakana.

"Ababa, taonani zimene watumiza Sulemani," anatero Asiatu, pofuna kuti asayang'ane lole ija.

Mchimwene wakeyo ankakhala m'katauni kena ku Amereka, komwe mafakitale anatseka kalekale. Pachithunzipo panali chisitima chakale chopakidwa penti chitaima panjanji, ana atakwera pamwamba, ndi mkulu wina wa chipewa akulozaloza.

"Akuti kumeneko madala ngati inu amawalemba ntchito yofotokozera alendo."

Che Uladi anayandikitsa foni kumaso. Sitimayo sanaiyang'ane n'komwe.

"Njanji yawo ndi youma," anatero, n'kubweza foni.

Simioni anayatsa moto wake wodulira n'kuugunditsa pachitsulo. Nthawi yomweyo lawi linathamanga ndi mzerewo, utsi wakuda bii! Iye analumphira kumbuyo, nsapato imodzi n'kutsala.

"Madala! Mwapaka girisi lero? Chinthu choti tidule lero lomwe?"

"Lero ndi Lolemba."

Anzake a Simioni anafa nacho chiseko. "Asiyeni," anatero wina, "maliro amayamba asambitsidwa."

Asiatu anachita manyazi, kenaka anachita manyazi ndi manyazi akewo. Anayang'ana manja a bambo ake. Girisi anali atalowa m'zikhadabo, monga mmene ankakhalira masiku amene ankamuperekeza kusukulu. Iye anali ndi digiri, ankatha kulemba kalata yopempha kuti malo asungidwe, ndipo anali atalemba ziwiri. Yankho linali lole ija.

Anzake a Simioni anathira mchenga, moto unazima. Simioni anavala nsapato yake n'kuyankhula mofatsa tsopano.

"Che Uladi, ine ndangotumidwa. Mukapanda kutisonyeza mabawuti, tidula zakumtundazi, zam'madzizo timangirira tcheni kulole n'kuzula. Zipindika ngati ndowa yakale. Kwa ife kulemera kwake n'komweko."

Mkuluyo anatsetsereka pang'onopang'ono m'mbali mwa njanji mpaka madzi anawafika m'mapazi. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Bwato la asodzi linadutsa, wina n'kuwapatsa moni, iwo osamva.

Kenaka anavula kofia n'kupatsa Asiatu, napinda buluku mpaka m'mawondo.

"Ababa, chifuwa chanu chija. Madziwa ndi ozizira."

"Bwezerani mabotolo anuwo m'lole," Che Uladi anauza Simioni. "Ndipatseni sipanala yaikulu. Ndimasula ndekha, kuyambira m'madzi."