Pansi pa Mchenga wa kwa Mbenje

Filomena ankadyera makutu, monga ankanenera bambo ake, a Sebastiano. Ankagwira ntchito pa sitima ya ofufuza m'nyanja ya mchere, kuseri kwa Mozambiki, pamwamba pa phiri lamoto lomwe linkakula pansi pa madzi. Ankamiza makina omvera mpaka pansi penipeni, sitima n'kuphulitsa mpweya ngati mzinga. Kugundako kunkalowa m'matanthwe n'kubwerera, ndipo iye ankawerenga mizere pa kompyuta n'kudziwa pomwe thanthwe lakhuthala, pomwe lang'ambika, ndi pomwe mwala wosungunuka ukukwerera. Kwawo kwa Mbenje, a Sebastiano ankauza aliyense potuluka m'tchalitchi kuti mwana wawo amamva zapansi pa dziko.

Namondwe wa Freddy atabwera, Shire anasefukira. Goodwell, mlongo wake wa Filomena, anakankha bwato kukatenga apongozi ake omwe anatsakamira ku dimba. Apongoziwo anapezeka mumtengo, amoyo. Goodwell sanaonekenso. Madzi ataphwa, madimba onse anali atakwiririka ndi mchenga, moti munthu sakanaloza malire a munda wake.

Filomena anafika maliro a ena atatha kale. Anapeza bambo ake ali pansi pa lona pamsasa wa anthu othawa madzi, ataonda, ndevu zili nyankhalala. Sanamufunse za ulendo.

"Makina ako aja wabwera nawo?"

"Makina ati, Pai?" anafunsa Filomena, poti ndi mmene ankaitanira bambo akewo.

"Omvera pansi. Mlongo wako ali mumchengamu. Umupeze timuike ngati munthu."

Filomena anakhala pamphasa. Anafotokoza mofatsa kuti makinawo amaona matanthwe aakulu ngati boma lonse la Nsanje, kuti thupi la munthu n'laling'ono, n'lofewa, silibweza mawu mosiyana kwenikweni ndi mchenga wonyowa.

"Ukuona moto pansi pa nyanja ya eni," anatero a Sebastiano, "koma mwana wa mayi ako, mchenga wofika m'khosi basi, ukuti sungamuone?"

Juliana, mkazi wa Goodwell, ankamvetsera ataima pakhomo la tenti, khanda lili kumsana. Maso akewo ndi omwe anamugonjetsa Filomena.

Filomena anaimbira mnzake wina wa ku Zomba, yemwe anamutumizira pa minibasi timakina tating'ono tozika m'nthaka, chingwe chachitali, chitsulo chaphanthiphanthi ndi hamala yaikulu. Katunduyo atafika, m'mawa mwake anatsikira ku dimba. Filomena anazika timakinato mumzere, a Sebastiano n'kumamenya chitsulo ndi hamala. Nkhalambayo inkamenya ndi mphamvu zomwe palibe ankadziwa kuti ikadali nazo. Dzuwa la kuchigwa linawawamba. Anthu anasonkhana chapatali, ena atanyamula makasu, poti nawonso anali ndi awo osowa.

Mizere inabwera bwinobwino. Filomena anaona mchenga watsopano, pansi pake dothi lakale lomwe Goodwell ankabzalamo chimanga ndi mbatata, pansi pakenso madzi. Zonse zinkaoneka, kupatula chomwe ankafuna.

Atayesa masiku angapo, mizere inapindika pamalo ena pafupi ndi bango.

"Pali chinthu cholimba apa," anatero Filomena. "Koma Pai, sindikunena kuti ndi iyeyo."

Mawu omalizawo palibe anawamva. Amuna anagwa pamchenga ndi makasu, amayi anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi. Juliana anamasula chitenje chatsopano chomwe anabwera nacho, n'kuchiyala pambali pa dzenje. Anakumba mpaka madzi anayamba kutumphuka. Khasu linagunda chitsulo. Inali pampu yopalasa ndi miyendo, ya munthu wina wa kumtunda, itapindika ngati ndowa yopondedwa.

Nyimbo inazima. Juliana anapinda chitenje chake, nabwerera ku msasa osatembenuka.

"Tiyese chakumunsiku," anatero a Sebastiano, akupukuta hamala ndi malaya.

"Pai, mchengawu wafika mpaka ku Marka. Mwinanso madzi anapita naye ku Zambezi. Ngakhale titamenya chaka chathunthu..."

"Ndiye unaphunziriranji?"

Filomena anawerama n'kuyamba kuzula timakina. Mayi wina wachikulire anamugwira dzanja, nanena m'Chisena kuti mdzukulu wake anakokoloka cha kumsika, mwina mawa akamvereko kumeneko. Kumbuyo kwa mayiyo kunali ena, aliyense ndi dzina la wake. Filomena anawauza zoona, mmodzimmodzi. Ena anagwedeza mutu. Ena anamuyang'ana ngati akuwamana dala.

Ansembe anachita Misa ya onse osapezeka. Juliana anapita, kenako abale ake anabwera kudzamutenga, iye ndi khanda, kupita nawo kwawo kutsidya. A Sebastiano anakana kulowa m'tchalitchi. Anati sangapempherere mwana ngati wakufa asanaone nkhope yake, komanso sangamudikire ngati wamoyo.

Tsiku lobweza makina ku Zomba, Filomena anakulunga chingwe, nalonga timakina m'bokosi. Hamala sanaipeze. Anthu anamulozera ku dimba.

Anaona bambo ake ali okha pakati pa mchenga. Ankamenya pansi kamodzi, n'kugwada, n'kugunditsa khutu pamchenga wotenthawo. Akatero ankadzuka, n'kusuntha pang'ono, n'kumenyanso. Filomena anawaitana. Iwo anakweza dzanja osacheuka, kumuuza kuti akhale chete.